Handulo Imene Ndinadula

Foni inabwera Lachisanu madzulo, nditangofika kumene ku Njewa kuchokera ku ntchito. Nambala inali ya kapitawo wa pa esiteti, koma mawu anali a bambo anga.

"Sitefano, amako awagoneka ku chipatala cha ku Kabudula. Lero ndi tsiku lachinayi. Ubwere nayo njinga ija."

"Akudwala chiyani?"

"Akuti chibayo. Ine ndikumayenda wapansi kukawaona, uku fodya wakhwima m'munda. Ubwere nayo mawa. Foniyi ndi ya eni ake."

Anadula. Bambo anga sachulukitsa mawu, ngakhale pa maliro. Ndinakhala pansi pakhonde, maso ali pa njinga imene inali itatsamira khoma. Njingayo inali bwinobwino, matayala opopa, tcheni chothira mafuta. Koma bambo anga sakanatha kuikwera, ndipo amene anachititsa zimenezo ndine.

Ife si a kuno. Kwathu ndi ku Phalombe. Makolo anga anabwera kudzalowa utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Nambuma ine ndili kumsana. Munthu wa pamudzi pake akagonekedwa m'chipatala, achemwali, azakhali ndi apongozi amasinthana kumudikirira, wina kubweretsa nkhuni, wina ufa. Tenanti alibe zimenezo. Mbale wa tenanti ndi njinga yake. Kuchoka pa esiteti kukafika ku Kabudula wapansi ndi maola anayi, kubwerera ena anayi, ndipo fodya akakhwima sadikira munthu.

Za handulo ya njingayo ndiyenera kufotokoza, ngakhale sindikonda kuzikamba. Chaka chimene ndinasiya sukulu mu Sitandade 7, tinkatuta mabelo a fodya pa ngolo, ine ndikuyendetsa, bambo atakhala pamwamba pa katundu. Ng'ombe zinakana kuwoloka kakhwawa. Ndinazikuwira kawiri, kachitatu mtima unandipsa, ndinazikwapula ndi mphamvu zanga zonse. Zinadzambatuka, bambo anagwa chammbali. Phewa lawo lamanja linathyoka n'kupola mokhota. Kuyambira pamenepo mkono wawo sufika pafupi ndi nthiti, chigongono chimangokhala kunja. Sanandimenye, sanandikalipire. Atachira anangotenga njinga yawo, yakale ya handulo yowongoka, kupita nayo kwa mmisiri wa pa Nsaru, amene anawotcherera kachitsulo ku mbali ya kumanja kuti dzanja lawo lizifikapo popanda ululu. Handuloyo inakhala yotambalala, mbali imodzi yayitali kuposa inzake.

Nditapeza ntchito yonyamula matumba a simenti m'tauni, anandibwereka njingayo kuti ndizichokera ku Njewa, kumene nyumba n'zotsikirako mtengo. Anzanga anayamba kuiseka. Ena ankati nyanga za ng'ombe, ena ankati ndikuyendetsa ndege. Kuwonjezera apo, m'mawa msewu wa Mchinji umadzaza, apanjinga timadutsa m'timipata ta pakati pa magalimoto, ndipo yanga sinkakwana. Tsiku lina handulo inakhudza galasi la galimoto ya bwana wina. Anatsitsa windo n'kunditukwana zokhudza mayi anga. Anthu anachita kundigwira. Madzulo ake ndinabwereka sowo yodulira zitsulo, ndinadula mbali zonse ziwiri, zidutswazo n'kuponya m'chimbudzi. Zogwirira mabuleki ndinazisunthira mkati. Waya wa buleki ya kumanja anatsala wautali, akulendewera, ndiye ndinangomupinda n'kumumanga ndi mphira. Kunena zoona, kwa miyezi isanu ndinkadutsa m'tauni ngati nsomba, ndipo sindinaganizeko za phewa la munthu aliyense. Anzanga sanalakwe kunditcha Tsabola.

Loweruka ndinanyamuka kukuyera. Pa kaliyala ndinamangapo kathumba ka ufa, shuga, sopo ndi bulangete langa. Nzeru yanga inali yoti ndikawotcheretse handulo pa Mpingu, kenako ndikwere matola mpaka ku Nsaru. Pa Chitedze ndinadutsana ndi antchito akulowa pa geti, ena pa njinga zawo za handulo zabwinobwino, ndipo kwa nthawi yoyamba yanga inandichititsa manyazi. Manja anga anali pafupi ngati ndagwira mbale ya ndiwo.

Pa Mpingu ndinafika dzuwa lisanatenthe. Wowotcherera anali atatsegula kale, koma anangokhala pa chitini akudya chinangwa.

"Magetsi palibe, achimwene. Anazima dzulo."

"Abwera nthawi yanji?"

"Mukawafunse eni ake. Ine andiuza kuti nditani?"

Ndinadikira. Pamenepo panali ena awiri, wina ndi khasu la pulawo, wina ndi chitseko chachitsulo, onse ali phee ngati ali pa mzere wa jakisoni. Tinaona minibasi za ku Mchinji zikudutsa, tinaona mbuzi ikulimbana ndi pepala la mafuta, tinaona mitambo ikusonkhana kumpoto, kumene ine ndinkapita. Babu limene anapachika pakhomo kuti liziwadziwitsa silinaphethire n'komwe. Itakwana teni koloko ndinafunsanso.

"Nanga mulibe jenereta?"

Wowotcherera uja anayang'ana njinga yanga, kenako ine. "Ndikanakhala nayo bwenzi ndikudya chinangwa? Komanso inu, mwadula nokha, lero mukufuna ndilumikize. Mawa mudzabweranso kuti ndidule?"

Awiri aja anaseka. Ndinamenya theche chitini chake cha ndodo zowotcherera, zonse mbwee pansi. Anaimirira osafulumira, anali wamtali kuposa mmene ankaonekera atakhala.

"Chokani pano. Ngakhale magetsi ayake pompano, njinga yanuyo sindiikhudza."

Ndinachoka. Nditafika pa siteji ya matola ndinacheuka, ndipo ndinaona babu lija layaka. Sindinabwerere. Mwina ndikanapepesa akanandimvera, koma nthawi imeneyo khosi langa silinkadziwa kupinda.

Matola a ku Nsaru anali kagalimoto kapikapu koyera, kotha utoto, komangidwa chitseko ndi chingwe. Masiku amenewo njira zonse za kumeneko zinali zafumbi, ndipo nyengo ya mvula magalimoto ankakhala ochepa. Kondakitala anati njinga ilipira ngati munthu. Ndinavomera, ndinalibe chochita. Tinakhala ola lathunthu tikudikira kuti idzaze, dalaivala akungoliza injini n'kuzimitsa kuti anthu aziyesa ikunyamuka. Anakweza matumba a feteleza, malata anayi, bokosi la anapiye, ndipo njinga yanga anaimangirira kumbuyo, tayala limodzi lili lendelende.

Ndinakhala pa thumba moyandikana ndi mayi wina wachikulire wa chigwirizano, wovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, buku la nyimbo atalikulunga m'pulasitiki. Anati akupita kukapepesa maliro kupitirira Nsaru.

"Nanga inu bambo, ulendo wa kuti?"

Palibe amene ananditchulapo bambo chiyambire. Ndinawauza za mayi anga.

"Akuwadikirira ndani?"

"Palibe. Ndife matenanti."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anamasula kansalu n'kundipatsa chimanga chophika chimodzi. Sanalalikire, anangoti, "Idyani, njira ndi yayitali."

Titangosiya tala mvula inayamba kuwaza. Anatifunditsa lona lonunkha nsomba zouma, aliyense atagwira nsonga yake. Galimoto inkatsetsereka uku ndi uku. Pa dambo lina inatitimira, amuna tonse tinatsika kukakankha, matope mpaka m'mawondo, anapiye akulira ngati akutilimbikitsa. Titatuluka apo sitinayende patali, tayala la kumbuyo linaphulika. Jeke analipo koma ankamira m'matope, mpaka tinakazula mwala m'munda mwa eni ake. Kuti atulutse tayala lapadera, kondakitala anamasula njinga yanga n'kuiponya m'mbali mwa msewu ngati mtolo wa nkhuni.

"Aise, njingayo igwire bwino," ndinatero.

"Imeneyi njinga? Handulo ngati ya mwana wa mkaka. Kapena munaba kwa mwana wa bwana wanu?"

"Ndi ya bambo anga."

"Ndiye bambo akowo ali ndi timanja ta buluzi, eti?"

Zimene zinachitika sindizikumbuka bwino. Ndimangokumbuka kolala ya malaya ake ili m'dzanja langa, msana wake utagunda galimoto, ndi chibakera changa chili m'mwamba. Chimene chinandiletsa ndi dzanja la mayi aja. Anandigwira pa mkono, osati mwamphamvu ayi.

"Mukammenya, apolisi a pa Nsaru akusungani mpaka Lolemba. Mayi anu adziwa bwanji?"

Ndinamusiya. Koma dalaivala anali ataona zonse. Anati galimoto yake sikweza zigawenga. Anandiponyera katundu wanga, anabweza theka la ndalama, ndipo atamanga tayala ananyamuka. Mayi aja anandiyang'ana kuchokera pansi pa lona mpaka galimoto inakhota. Dzina lawo sindinawafunse.

Apa ndi pamene njinga inayamba kundiphunzitsa. Pa tala handulo yaifupi ilibe vuto, umangoloza n'kumapita. Koma m'matope, uli ndi katundu kumbuyo, tayala lakutsogolo limafuna kupita kumene likufuna, ndipo kuti ulibweze pamafunika mkono wautali. Ine ndinali nditaudula. Likagwera mu mkwasa wa ngolo, ndinkalimbana nalo ndi mapewa onse koma osaliwongola. Ndinagwa koyamba pafupi ndi chigayo china, ana akuona. Ndinagwa kachiwiri pa mchenga wa kamtsinje, bondo n'kuchubuka. Kachitatu kathumba ka ufa kanang'ambika pakona, ufa wina n'kutayikira m'matope. Ndinagwada pamenepo ndikuwola wapamwamba ndi manja, ndipo ndinalira, ine amene sindinalire ngakhale tsiku la ngolo lija. Ndinaganiza kuti ngati ine wa mapewa awiri abwino ndikulephera chonchi, nanga bambo anga akanayenda mamita angati?

Kotsalako ndinangoikankha. Pa Nsaru ndinafika cha m'ma thuu koloko, thupi lonse lili matope. Ndinafunsa amayi ogulitsa tomato za mmisiri wa njinga amene amawotcherera ndi gasi, ndipo anandilozera kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango. Anali bambo wokalamba, a Mbewe, magalasi awo omangidwa ndi ulusi. Ankalumikiza sipoko pa tayala la munthu wina ndipo sanafulumire kudzutsa mutu. Nditapereka moni anayang'ana njingayo nthawi yaitali.

"Njinga iyi ndikuidziwa. Si ya a Makwinja a ku esiteti, aphewa aja?"

"Ndi yomweyo. Ndine mwana wawo."

"Wadula ndani?"

Ndikanatha kunena kuti inagundidwa, kapena kuti anaba handulo n'kuika ina. Bodza linafika pakamwa, koma ndinali nditatopa.

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Sinkakwana pakati pa magalimoto m'tauni."

"Hmm. Ndiye mwana wa ng'ombe zija ndiwe."

Sanafunse, anangonena. Ndinadabwa kuti sindinapse mtima. Ndinangoti inde. Anamaliza sipoko yawo, anapukuta manja, n'kukoka njinga yanga.

"Kulumikiza si nkhani. Mbali ya kumanzere ndiyeza ndi handulo ina iliyonse. Koma ya kumanjayi ndinayeza pa thupi la bambo ako. Anakhala pa chishalo, ine ndikusuntha paipi pang'onopang'ono mpaka anati apa sipakupweteka. Ikachepa ndi chala chimodzi, phewa liwabaya. Ikapitirira, dzanja silifika pa buleki, ndipo pa chitsikira cha ku Kabudula munthu wopanda buleki ndi maliro. Zidutswa unadulazo zili kuti?"

"Ndinataya."

"Zinali zazitali bwanji?"

Ndinatambasula zala, kenako ndinazibweza, kenako ndinatambasulanso. Miyezi isanu yapitayo, ndili wolusa, ndani akanayeza? Zaka zonsezi ndinkaona mkono wa bambo anga tsiku ndi tsiku, koma sindinkadziwa kuti umafika pati. Ndinkaopa kuuyang'anitsitsa.

"Sindikudziwa, bambo."

"Ndiye upite ukawatenge."

"Sangabwere. Mayi ali m'chipatala, fodya ali m'munda. Njingayi ikufunika mawa."

A Mbewe anayenda mozungulira njingayo, akugwira apa ndi apo ngati sing'anga. Atafika kutsogolo anaima, chala chawo chili pa mphira imene ndinamangira waya wa buleki.

"Waya uyu unamudulako?"

"Ayi. Ndinalibe pulayala. Ndinangomupinda."

"Unamusinthapo?"

"Ayi."

Anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. "Ulesi wako wakupulumutsa. Waya uyu ndinaika ndine tsiku lomwelo. Ine waya sindisiya wolendewera, amakola m'zitsamba. Ndimayeza wongokwanira kuti handulo ikhote mpaka kumapeto iye osakoka buleki. Iweyo waiwala, koma wayayu akukumbuka."

Anamasula mphira ija, waya n'kuwongoka. Anatenga handulo yakale pa mulu wa zitsulo, anadulako chidutswa chachitali, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono mkati kuti kagwire mbali zonse ziwiri. Chogwirira buleki anachiika pa chidutswacho osamangitsa. Ine anandiuza kuti ndigwire njinga n'kukhotetsa handulo mpaka kumapeto. Iwo ankasuntha chogwiriracho kupita kunja, pang'ono, pang'ono, diso lili pa waya. Waya anayamba kuwongoka, anawongoka, mpaka anafika pongotsala pang'ono kukoka.

"Gwira pomwepo. Usapume."

Analemba ndi msomali. Kuchokera pa chizindikirocho anawonjezera malo a dzanja, n'kudula chotsalacho. Nditayang'ana kutalika kwake ndinachita mantha. Sindinkadziwa kuti ndinadula chachikulu chotero.

Kuwotcherera kunatenga nthawi, chifukwa gasi wawo ndi wa miyala ija amathira madzi m'chitini, ndipo anachita kudikira kuti akwere. Ndinakhala pa benchi ndikuonerera kamoto kabuluu kakuyenda mozungulira chitsulo. Atamaliza mbali zonse anathira madzi, anapala ndi tupa, n'kubwezeretsa mphira zogwirira. Kenako anakanikiza handuloyo ndi thupi lawo lonse, kawiri.

"Chipsera chokha sindingachibise. Achiona."

"Ndikudziwa."

"Tsiku limene anabwera kuno ndinawafunsa kuti phewa latani. Anati ng'ombe zinadzidzimuka. Za iwe ndinamva kwa ena." Anandipatsa njinga. "Pita, dzuwa lapendeka."

Kuchoka pa Nsaru kupita ku Kabudula njinga inali ngati ina. Dzanja langa lamanja linali kutali, mkono utatambasuka, thupi litapendekera pang'ono. Ndinazindikira kuti ndikukhala mmene amakhalira bambo anga. Matope anali omwewo, mikwasa yomweyo, koma sindinagwenso.

Ku chipatala ndinafika dzuwa likulowa. Mayi anga ndinawapeza pa bedi la pakona, ataonda, milomo itauma, koma maso ali ndi moyo. Pambali pawo panali kambale ka phala limene anawagawira mayi wina wodikirira wodwala wa bedi loyandikana nalo.

"Sitefano. Matope onsewa, wachita kukwawa?"

"Njira yaipa, mayi. Mukupeza bwanji?"

"Lero ndapumako bwino. Njinga wabwera nayo?"

"Ili panja."

Anatseka maso. "Zikomo. Abambo ako anabwera dzana. Anafika masana, anandiphikira, anachapa, n'kubwerera. Mapazi atupa, nsapato akuchita kuponda kuchidendene. Ndinawauza kuti asabwerenso, akuti ndiye udya chiyani. Akapitiriza chonchi tigona awiri muno."

Ndinawaphikira phala la ufa umene unapulumuka, ndinawafunditsa bulangete langa, ndipo ndinagona pa khonde la odikirira odwala. Za handulo sindinawauze. Sanali iwo oyenera kumva poyamba.

Lamulungu ndinanyamuka kukucha kulowera ku Nambuma. Mvula inali itakata, msewu uli ndi nthunzi. Ndinadutsa anthu opita ku tchalitchi atanyamula nsapato m'manja, ndinadutsa zigafa zodzaza fodya wachikasu. Nditapalasa pafupifupi ola limodzi ndinaona munthu patsogolo akubwera wapansi, mtolo wa nkhuni pa phewa lamanzere, kathumba m'manja, chigongono chamanja chili kunja. Kuyenda kwake kunali kwa munthu woponda minga. Ndinatsika njinga iwo asanafike, ndinavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka. Amako wawaona?"

"Ndagona komweko. Akuti akupezako bwino. Adya phala."

Anatula nkhuni. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Anagwira chishalo, anagwira tayala kuona mpweya, kenako dzanja lawo linapita pa handulo. Chala chachikulu chinaima pa chipsera cha kumanja. Anachisisita. Anayang'ana cha kumanzere, kumene kale kunalibe chipsera, n'kuchisisitanso.

"Inagundidwa?"

Anandipatsa okha njira yothawira, ngati mmene anauzira a Mbewe kuti ng'ombe zinadzidzimuka.

"Ayi, bambo. Ndinadula ndine. Ndinapsa mtima m'tauni, ndinatenga sowo. Zidutswa ndinataya."

Mbalame zinkalira m'chimanga. Bambo sanandiyang'ane.

"Unkadziwa chifukwa chake inali yayitali?"

"Ndinkadziwa."

"Hmm."

"Ndi ng'ombe zija, bambo, sizinadzidzimuke zokha. Ndinazikwapula ndine."

"Ndinali pamwamba, Sitefano. Ndinaona."

Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya mbama, kuti mwina chinthu chimene chinakhala pachifuwa panga zaka zisanu ndi ziwiri chisunthe. Iwo anangofunsa kuti walumikiza ndani. Ndinati a Mbewe. Anafunsa kuti anayeza ndi chiyani popeza iwo kunalibe. Ndinawauza za waya.

Anakweza mwendo movutikira n'kukhala pa chishalo. Dzanja lamanzere linagwira. Lamanja linanyamuka pang'onopang'ono, mmene limachitira, chigongono chili kunja. Linatera pa mphira. Zala zinatambasuka, zinapeza buleki, zinakoka, zinasiya. Anapalasa kukafika pa mtengo wa mthethe, anakhota pa mchenga osatsitsa phazi, n'kubwerera. Nkhope yawo sinakwinyike.

"Mwayi wako sunadule waya," anatero.

Tinamanga nkhuni ndi kathumba pa kaliyala. Ndikumangitsa mphira ndinawafunsa za fodya.

"Wa m'munsi akugwa yekha. Wothyola dzana ali pa mulu, sindinasoke. Akagona lero ayamba kuwola."

"Singano ili pati?"

Apa ndi pamene anandiyang'ana. "Ntchito yako ya m'tauni mawa?"

"Simenti siwola, bambo."

"Akakuchotsa?"

"Akandichotsa andichotsa. Inu khalani ndi mayi mpaka atuluke."

Anakhala pa chishalo, phazi limodzi lili pansi. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kundipatsa kiyi wa nyumba, womangidwa pa kachingwe ka fodya.

"Singano ili pa denga la chigafa, kumanja polowa. Usakoke chingwe mwaukali, masamba amathothoka."

"Ndamva."

Ananyamuka. Ndinaima pakati pa msewu ndikuwayang'ana kumsana, mkono wamanja uli kutali ndi thupi, nkhuni zikugwedera kumbuyo. Tayala lawo linasiya mzere umodzi wowongoka pa mchenga wonyowa. Atazimiririka pa chitunda ndinatembenuka, ndinavula nsapato zanga zamatope n'kuzinyamula m'manja. Kutsogolo kunali maola awiri a wapansi, ndi mulu wa fodya wondidikira.